Chikombole Chimodzi, Njerwa Zambiri: Phunziro la Kuika Linux m'Makompyuta

Mvula ikatha ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, m'midzi ya kwa Mkhumba mumayambika nchito youmba njerwa. Ali yense amene adaimapo pa dambo nyengo imeneyo adziwa kuti woumba wanzeru sayesa njerwa iri yonse payokha ai. Iye ayamba wakhala pansi ndi mmisiri wa matabwa, napangana naye za utali, mimba ndi msinkhu wa njerwa. Mmisiri akhoma chikombole kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale mnyamata waganyu angathe kuumba njerwa zikwi zingapo zolingana. Koma chikombole chikakhota, uvuni wonse utuluka wokhota, ndipo khoma la nyumba lidzaulula cholakwacho zaka zambiri.

Phunziro lino likunena za makompyuta, koma nzeru yache ndi yomweyo ya chikombole. Lakonzedwera akatekisti, aphunzitsi, alembi a maparishi ndi achinyamata amene apatsidwa udindo wosunga makina amenewa. Mutu wache ndi uwu: pulogalamu yoyendetsa kompyuta ingathe kudziika yokha, munthu ali kugwira nchito zina, malinga ngati munthuyo adayamba walingalira bwino ndi kulemba mayankho ache kamodzi mosamala.

1. Bvuto limene liripo

Makompyuta amene amafika m'masukulu, m'maofesi a parishi ndi m'zipatala zazing'ono za kumidzi kawirikawiri sakhala atsopano. Ena ndi mphatso zochokera kunja, ena ndi ogulidwa kwa amene adawagwiritsapo kale nchito. Poyamba onse ayenda bwino ndipo anthu akondwa. Koma pakapita miyezi, kompyuta imodzi igwidwa ndi vairasi, ina ikana kuyaka chifukwa magetsi adazima iri mkati mwa nchito, ina itsekeka chifukwa amene ankadziwa mau achinsinsi adasamutsidwa. Mmisiri wa makompyuta ali kutali, kaya ku Mulanje kaya ku Limbe, ndipo kumuitana kufuna ndalama za ulendo ndi za nchito. Tsono makina aunjikidwa pa ngodya nafundidwa nsalu, ndipo ana amene akadaphunzirapo amaliza sukulu osawakhudzako.

Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa makina otere sadafe ai. Zitsulo zache ziri bwino. Chimene chidaonongeka ndi mapulogalamu okha, ndipo mapulogalamu angathe kuikidwamo atsopano.

Palinso bvuto lina. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idaleka chisamaliro chache cha nthawi zonse pa Windows 10, ndipo Windows 11 imene idalowa m'malo mwache imakana makompyuta akale ambiri, popeza imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka zaposachedwa. Motero makina ambiri amoyo atsala opanda wowatchinjiriza, pamene sukulu kapena parishi iribe ndalama zogulira ena.

2. Pulogalamu yoyendetsa kompyuta

Anthu a kuno adziwa minda ya tiyi ya ku Mulanje. M'munda mungathe kukhala anchito, madengu, sikelo ndi galimoto, koma popanda kapitao wogawa nchito palibe chimene chingayende. Kompyuta nayonso iri ndi kapitao wache, ndiyo pulogalamu yaikulu imene pa Chingerezi imatchedwa operating system. Imeneyi imalandira zimene munthu walemba pa kiyibodi, nizionetsa pa sikirini, nizisunga pa diski, ndi kupatsa pulogalamu iri yonse mpata wache. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu otere. Linux ndi ina.

M'chaka cha 1983 Richard Stallman wa ku America adayambitsa nchito yotchedwa GNU, yofuna kupanga mapulogalamu amene munthu ali yense ali ndi ufulu wowagwiritsa nchito, wowerenga kapangidwe kache, wowasintha ndi wogawirako anzache. M'chaka cha 1991 Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adalemba mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta, umene udatchedwa Linux, ndipo chaka chotsatira adauika pansi pa chilolezo cha ufulu chotchedwa GPL. Kuyambira pamenepo magulu osiyanasiyana akhala akusonkhanitsa Linux ndi mapulogalamu ena kuti zikhale mtolo umodzi. Mtolo wotchedwa Debian udayambitsidwa ndi Ian Murdock m'chaka cha 1993. Wina wotchedwa Ubuntu, womangidwa pa Debian, udatuluka mu Okutobala 2004 ndi chithandizo cha Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lache ndi liu lomwe pa Chichewa likuti umunthu. Ngakhale munthu wa pa msika wa Migowi amene ali ndi foni ya Android wanyamula Linux m'thumba mwache, pakuti Android idamangidwa pa mtima womwewo.

Ufulu umenewu uli ndi phindu looneka. Kukopera Linux m'makompyuta 20 si kuba ai, pakuti eni ache adaloleza. Palibe nambala ya laisensi yogulira kompyuta iri yonse, ndipo palibe chifukwa chofunira makope achinyengo amene nthawi zambiri amadza ndi mavairasi. Mwaulere momwemo mumapezeka LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama, ndi Firefox yoyendera pa intaneti.

3. Mafunso a makina

Kuika pulogalamu yoyendetsa, kumene achinyamata amati kuinstola, kumayenda motere. Munthu alowetsa fulashi imene muli Linux, nayatsa kompyuta, ndipo kompyuta iyamba kufunsa: Chilankhulo chiti? Nthawi ya dziko liti? Kiyibodi ya mtundu wanji? Kompyuta ino itchedwe dzina lanji? Mwini wache ndani, ndipo mau ache achinsinsi ngotani? Diski igawidwe bwanji? Zimene zirimo zifafanizidwe kodi? Mapulogalamu ati aikidwe? Pa funso liri lonse kompyuta iima nidikira, kotero kuti munthu akachokapo kukadya nsima, pobwera aipeza ikadali pa funso lomwelo.

Pa kompyuta imodzi zimenezi nzopiririka. Koma sukulu yolandira makompyuta 20 iwerengere bwino: ngati iri yonse idya ola limodzi, onse pamodzi adya maola 20, ndiwo masiku awiri ndi theka a nchito. Ndipo kutaya nthawi si choipa chachikulu. Pofika pa kompyuta ya 12 munthu watopa. Apa aiwala kukonza nthawi, apo alemba dzina molakwa, pena asiya pulogalamu ina. Mapeto ache makompyuta 20 akhala mitundu 20, monga njerwa zoumbidwa ndi manja okha, ndipo mphunzitsi sangathenso kuuza kalasi lonse kuti lidinde malo amodzi.

4. Kalata ya mayankho

Popeza mafunso ali omwewo nthawi zonse, akatswiri adaona kuti mayankho angathe kulembedwa kamodzi m'failo yaing'ono, imene pulogalamu yoinstola iwerenga yokha m'malo mofunsa munthu. Failo imeneyi ndiyo chikombole. A Debian amaitcha preseed. A Red Hat ndi Fedora amaitcha Kickstart. A Ubuntu kuyambira chaka cha 2020 ali ndi njira yao yotchedwa autoinstall. Palinso njira yotchedwa FAI, imene Thomas Lange wa pa yunivesite ya Cologne ku Germany adayamba m'chaka cha 1999, atapatsidwa nchito yoika Linux m'makompyuta 16 olumikizana.

Failoyo ndi kalata wamba imene munthu angathe kuiwerenga ndi maso. Nayi mizere itatu ya preseed:

d-i time/zone string Africa/Blantyre

d-i pkgsel/include string libreoffice firefox-esr

d-i partman/confirm boolean true

Mzere woyamba ukuuza kompyuta kuti itsate nthawi ya Malawi, imene m'ndandanda wa nthawi za maiko imalembedwa ndi dzina la Blantyre. Wachiwiri ukutchula mapulogalamu oti aikidwe. Wachitatu ndiwo wofunika kuuyang'anitsitsa: ukubvomereza pasadakhale kuti diski ilembedwe mwatsopano popanda kufunsanso munthu. Kalata yathunthu imakhala ndi mizere makumi angapo yotere, ndipo a Debian amapereka chitsanzo chache m'buku lao la malangizo, kotero kuti wophunzira sayamba pa pepala loyera, koma angosintha mizere imene ikumukhudza.

Ubwino wina wa kalatayi ngwakuti nzeru siikhalanso m'mutu mwa munthu mmodzi. Mnyamata amene adakonza makompyuta akapita ku Joni kapena akasamutsidwa, kalata itsala, ndipo womulowa m'malo aona mwa iyo zonse zimene mnzache adasankha.

5. Njira zitatu zogwirira nchitoyi

Njira yoyamba ndi ya fulashi. Munthu atsitsa Debian kapena Ubuntu pa intaneti kamodzi kokha, nafanizira nambala yache yotsimikizira, yotchedwa SHA256, ndi imene eni ache adalengeza, kuti adziwe ngati failo yafika yathunthu. Kenaka ailemba pa fulashi pamodzi ndi kalata ya mayankho. Akailowetsa m'kompyuta ndi kuiyatsa, nchito iyenda yokha mpaka kumapeto. Kwa amene alibe intaneti yodalirika nkwabwino kutenga failo yaikulu imene muli mapulogalamu kale, ngakhale iri ya magigabaiti angapo, pakuti yaing'ono imafuna kutsitsa zotsala pa kompyuta iri yonse, ndipo bandulo itha msanga. Njira imeneyi ikwanira ofesi ya parishi kapena sukulu ya makompyuta ochepa.

Njira yachiwiri ndi ya nthambo. Kumene makompyuta alumikizidwa m'chipinda chimodzi, imodzi isankhidwa kukhala seva, ndiye kuti nkhokwe ya anzache. Makompyuta ambiri ali ndi luso lotchedwa PXE, limene kampani ya Intel idakhazikitsa m'zaka za m'ma 1990: kompyuta ikayaka, ngakhale diski yache iri yopanda kanthu, iitana pa nthambo kupempha keyala. Seva iyankha niipatsa keyala, kenaka kapulogalamu koyambira, kenaka pulogalamu yoinstola ndi kalata ya mayankho. Motero makompyuta 20 angathe kuinstolidwa onse nthawi imodzi, mphunzitsi ali kuchonga makope a ana. Mapulogalamu akasungidwa pa sevayo, chipinda chonse sichifunanso kuwatsitsa pa intaneti.

Njira yachitatu ndi yojambula. Munthu akonza kompyuta imodzi bwinobwino, najambula diski yache yonse ndi pulogalamu yaufulu yotchedwa Clonezilla, yopangidwa ku Taiwan, ndipo chithunzicho achidinda pa madiski a makompyuta ena. Njirayi njofulumira makamaka pamene makina ali a mtundu umodzi. Koma diski yolandira siyenera kuchepera yoyamba ija, ndiponso makompyuta onse atuluka ndi dzina limodzi, monga ana a banja limodzi opatsidwa dzina lomwelo. Chifukwa chache maina ayenera kusinthidwa pambuyo pache kuti pa nthambo pasakhale chisokonezo.

6. Chitsanzo cha m'Malawi muno

Nzeru yolinganiza makina si ya maiko akutali okha. M'chaka cha 2001 Gerald Douglas adayamba kuika timakompyuta tongodinda ndi chala pa sikirini pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero chimatchedwa Kamuzu Central, kuti tithandize kulemba odwala. Nchito imeneyi idadziwika ndi dzina la Baobab Health, ndipo m'chaka cha 2006 idayamba kuthandiza pa kusunga mbiri ya anthu olandira mankhwala a ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. M'kupita kwa zaka idamangidwa pa mapulogalamu aufulu, Linux pamodzi ndi ena, ndipo idafalikira ku zipatala zambiri.

Amisiri a nchitoyo adatsata mfundo ziwiri zoyenera kuzikumbukira. Yoyamba: timakompyuta ta m'zipinda za madokotala ndi anamwino tidakonzedwa molingana, totsekula pulogalamu ya chipatala yokha. Yachiwiri: mbiri ya odwala sinkasungidwa m'timakompyutato ai, koma pa seva yotetezedwa ndi mabatire. Chifukwa chache kamodzi kakafa, kankachotsedwa ndi kuikapo kena, ndipo mbiri ya wodwala inkatsala pamalo pache. Sukulu kapena parishi ya kwa Mkhumba siingafanane ndi chipatala chachikulu pa kukula, koma mfundozo nzomwezo: makina akhale olingana ndi osabvuta kukonzanso, ndipo zolembedwa za mtengo wapatali zisadalire kompyuta imodzi.

7. Ngozi zimene zimabisala m'njirayi

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kompyuta yopatsidwa kalata ya mayankho yalamulidwa dala kuti isafunse, ndipo ngozi zonse zimachokera pamenepa.

Ngozi yoyamba ndi kufafaniza. Fulashi yoinstola yokha ikalowa m'kompyuta ya mlembi wa parishi, imene muli maina a obatizidwa, a maukwati ndi mawerengero a mtulo a zaka khumi, idzafafaniza zonsezo m'kanthawi kochepa, osadziwa kuti yachita kanthu koipa. Makina sazindikira kompyuta yakufa ndi yamoyo, amangomvera kalata.

Yachiwiri ndi kusokoneza madiski. Linux imapatsa madiski maina monga sda ndi sdb potsata m'mene yawapezera, ndipo pa kompyuta ina dzina loyambalo lingathe kugwera diski yosungira zinthu kapena fulashi yomwe. Chifukwa chache madiski onse osafunika achotsedwe nchito isadayambe.

Yachitatu ndi mau achinsinsi. Akalembedwa poyera m'kalata, ali yense wotola fulashi awawerenga, ndipo popeza ali omwewo pa makompyuta onse, watsekula chipinda chonse ndi kiyi mmodzi. Preseed ndi autoinstall zimalola kuwalemba mobisika, ndipo ndi m'mene ayenera kulembedwera. Ana asukulu apatsidwe dzina lolowera lopanda mphamvu yosintha makina.

Yachinai ndi kukalamba. Ubuntu ya nthawi yaitali, yotchedwa LTS, imatuluka mu Epulo zaka ziwiri ziri zonse ndipo imasamalidwa mwaulere zaka zisanu. Debian nayonso imatuluka yatsopano pafupifupi zaka ziwiri ziri zonse. Fulashi yokonzedwa kale ikangosungidwa m'kabati zaka zambiri, idzaika zinthu zotha nchito. Ndiponso Debian 13, imene idatuluka mu Ogasiti 2025, iribenso njira yoinstolera pa makompyuta akalekale a 32-bit, kotero kuti nkofunika kuona mtundu wa makina munthu asadayambe kutsitsa failo.

8. Malangizo kwa osunga makompyuta

Mmera mpoyamba. Amene afuna kuyesa njira imeneyi atsate ndondomeko iyi.

Choyamba, alembe m'kope makompyuta onse amene alipo, mtundu wache, kukula kwa diski ndi zimene zirimo.

Chachiwiri, akopere zolembedwa zonse zofunika pa malo awiri osiyana, ndipo atsekule makopewo pa kompyuta ina kuti aone ngati akuwerengeka. Limodzi lisungidwe m'nyumba ina. Anthu a ku Phalombe sasowa wowauza chifukwa chache: napolo wa mu Marichi 1991 wochokera ku phiri la Michesi ndi namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 adaonetsa kuti madzi angathe kutenga nyumba ndi zonse za m'katimo usiku umodzi. Mabuku a mapepala a ubatizo ndi ukwati asatayidwe chifukwa kwabwera kompyuta.

Chachitatu, akhale pansi ndi amene adzagwiritsa nchito makinawo, aphunzitsi kapena alembi, napangane nao za mapulogalamu ofunika asadalembe kalata ya mayankho.

Chachinai, ayese kalatayo pa kompyuta imodzi yopanda kanthu kofunika, naigwiritse nchito sabata yathunthu: ilembe kalata, isindikize pa pirinta, ionetse nthawi yoona. Pambuyo pache ndi pamene angapite ku makompyuta ena.

Chachisanu, fulashi yoinstola imatidwe kapepala kofiira kolembedwa kuti YOFAFANIZA, ndipo ikhale m'kabati yokiya. Isabwerekedwe kwa munthu wofuna kukopera nyimbo.

Chachisanu ndi chimodzi, kalata ya mayankho isindikizidwe pa pepala, mau achinsinsi atachotsedwamo, ndi kuikidwa m'failo ya ofesi pamodzi ndi tsiku limene idalembedwa.

Chachisanu ndi chiwiri, anthu awiri kapena atatu aphunzire nchitoyi, anyamata ndi atsikana omwe, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Zimenezi zikatsatidwa, kufa kwa kompyuta sikukhalanso tsoka loitanira mmisiri wa kutali. Magetsi akazima nchito iri mkati, munthu angoyambanso akabwera. Kompyuta ikasokonezeka Lachiwiri, zolembedwa zache zikopedwa, fulashi ilowa, ndipo Lachitatu ana aipeza iri monga inzache. Thukuta lonse lidagwa tsiku lokhoma chikombole.

Mafunso obwereza phunziro

1. Kodi pulogalamu yoyendetsa kompyuta imagwira nchito yanji?

2. Nchifukwa chiyani kukopera Linux m'makompyuta ambiri sikuli kuba?

3. Kodi kalata ya mayankho nchiyani, ndipo a Debian amaitcha dzina lanji?

4. Pa njira zitatu zatchulidwazi, ndi iti ingayenere ofesi ya makompyuta awiri, ndipo ndi iti ingayenere chipinda cha makompyuta 20 olumikizana?

5. Mlembi wa parishi ayenera kuchita chiyani fulashi yoinstola isadalowe m'kompyuta yache?

6. Kodi pa sukulu kapena pa parishi pano, ndani wachiwiri amene adziwa kukonza makompyuta woyamba akachoka?